Khonde la Miyala: Tipake Mankhwala Otchinga Madzi Kapena Tingolisiya?

Amayi, masiku ano mabanja ambiri akumayala miyala yaphanthiphanthi pakhonde, pabwalo kapena m'kanjira kopita kubafa. Miyalayi timagula kwa anyamata amene amaiunjika m'mbali mwa msewu, ndipo ikayalidwa bwino imakongoletsa pakhomo, imachepetsa fumbi m'chilimwe komanso matope m'dzinja. Koma mmisiri akamaliza ntchito, kawirikawiri amasiya mawu akuti: "Mayi, mugule sila tipake, apo ayi miyalayi iwonongeka." Apa ndi pamene mutu umaima. Chitini cha mankhwalawa si chotchipa, ndipo ndalama yomweyo ikudikiridwa ndi feteleza ndi fizi ya ana. Kodi n'zoonadi kuti mwala umene wakhala m'phiri zaka zosawerengeka uwonongeka chifukwa choti sitinaupake mankhwala?

Yankho lake ndi lakuti khonde lina limapindula nawo mankhwalawa, lina siliwafuna, ndipo lina likapakidwa limawonongeka kuposa kale. Kuti mudziwe gulu limene khonde lanu lili, muyenera kuudziwa mwalawo, kuwadziwa mankhwalawo, komanso kudziwa kumene madzi a pakhomo panu amachokera.

Mwala wa mchenga ndi wotani?

Mwa miyala yonse yoyala pakhonde, umene umavutitsa kwambiri pa nkhaniyi ndi mwala wa mchenga. Mwalawu udapangika kuchokera ku mchenga weniweni umene mitsinje, nyanja ndi mphepo zidaunjika kalekale. Mchenga wina utasanjikizana pamwamba, wapansi udapanikizika mpaka timchengato tidamatirirana n'kusanduka mwala. Chimene chidamata timchengato chimasiyanasiyana: pena ndi silika, pena ndi laimu, pena ndi chitsulo, pena ndi dongo. N'chifukwa chake mwala wina umakhala wolimba kwambiri pamene wina umanyenyeka mukangoukanda ndi msomali. Mtundu wofiira kapena wachikasu umene mumauona umachokera ku chitsulo cha m'mwalamo.

Kuno kwathu mwala wotere umapezeka kumpoto, m'madera a Livingstonia ndi Karonga, komanso kuchigwa cha Shire, cha ku Lengwe ndi Mwabvi. Kunja nakonso anthu akhala akumangira mwalawu kuyambira kale. Nyumba za boma za Union Buildings ku Pretoria, zimene zidamalizidwa mu 1913, adamangira mwala wa mchenga. Chimodzimodzinso linga lotchuka la Red Fort ku Delhi m'dziko la India, limene lidamalizidwa mu 1648, nthawi imene mankhwala a m'zitiniwa kudalibe. Izi zikutiuza kuti mwala wabwino wa mchenga umakhalitsa paokha.

Chofooka chake ndi chimodzi: umamwa. Pakati pa timchenga tija pamatsala timipata tosaoneka ndi maso. Pa magawo 100 alionse a mwala wotere, magawo 5 mpaka 25 akhoza kukhala timipata tokhatokha. Madzi amalowa m'menemo, mafuta ophikira amalowa m'menemo, tiyi ndi msuzi chimodzimodzi. Koma timipata tomweto ndi timenenso timatulutsa chinyontho dzuwa likawala. Amisiri amati mwala umapuma. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa.

Yesani mwala wanu musanatulutse ndalama

Si mwala uliwonse waphanthiphanthi umene uli wa mchenga. Miyala yambiri ya m'mapiri athu, monga ya ku Mulanje ndi ku Zomba, ndi yolimba ndipo simwa madzi kwenikweni. Kupaka mankhwala pa mwala wotere n'kungotaya ndalama, chifukwa alibe polowera.

Njira yoyesera ndi yapafupi. Sankhani tsiku limene khonde lauma bwino. Thirani sipuni imodzi ya madzi pamwala ndipo muyang'ane nthawi. Madzi akalowa pasanathe mphindi imodzi kapena ziwiri n'kusiya banga lakuda, mwalawo ndi womwa kwambiri. Akatenga mphindi 5 kapena 10, ndi wapakatikati. Akangokhala pamwamba mpaka kuuma ndi dzuwa, mwala wanu sufuna mankhwala. Yesani pa miyala ingapo, pakuti ya m'lole imodzi imatha kusiyana.

Kenaka tengani kachidutswa kotsala, mudonthezepo madzi a mandimu kapena viniga. Mukaona tithovu tikutuluka, ndiye kuti m'mwalamo muli laimu. Mwala wotere umadyeka ndi chilichonse chowawasa, ndipo ufuna kusamala potsuka.

Mankhwalawa alipo a mitundu iwiri

M'masitolo a zipangizo zomangira onse amangowatchula kuti sila, koma kagwiridwe kake ka ntchito n'kosiyana kwambiri.

Mtundu woyamba ndi wokuta pamwamba. Umauma n'kusiya kakhungu konyezimira ngati pulasitiki, ndipo mwala umaoneka ngati wanyowa nthawi zonse. M'gulu limeneli muli vanishi ndi mankhwala amene pachitini amalemba kuti acrylic kapena polyurethane. Polishi wapansi uja timapaka pasimenti wa m'nyumba alinso m'gulu lomweli, chifukwa phula lake limatseka pamwamba.

Mtundu wachiwiri ndi wolowa m'kati. Umamwedwa ndi mwala, n'kukakuta m'mbali mwa timipata tija osatitseka. Dontho la madzi likagwa limangobulungika pamwamba, koma chinyontho chochokera pansi chimatha kutuluka ngati nthunzi. Mwala sunyezimira ndipo maonekedwe ake sasintha kwenikweni. Pachitini muyang'ane mawu akuti impregnating kapena penetrating, komanso akuti breathable. Nthawi zambiri amalembanso kuti muli silane kapena siloxane. Dziwani kuti ena a mtundu umenewu amatchinga madzi okha. Ngati vuto lanu ndi mafuta, onetsetsani kuti chitini chanena kuti amatchinganso mafuta.

Anthu ambiri amakopeka ndi mtundu woyamba chifukwa tsiku loyamba khonde limawala ngati la kuhotela. Paja akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chimene chimachitika mukatsekera chinyontho

Khonde lapanja limalandira madzi kuchokera mbali ziwiri: mvula pamwamba, ndi chinyontho cha m'nthaka pansi. Chinyontho cha pansichi chimakwera kudzera mumchenga ndi simenti imene miyala idakhazikidwapo, chitasenza mchere wosungunuka. Pa mwala wosapaka, madzi amauluka ndipo mcherewo umatsala pamwamba ngati ufa woyera, umene mumangosesa. Uwu ndi ufa uja mumauonanso pa njerwa za nyumba yatsopano.

Mukakuta mwala ndi vanishi, madziwo amafika pansi pa kakhungu kaja n'kusowa potulukira. Pakapita miyezi mumayamba kuona mabanga otuwa ngati mkaka, kenaka kakhunguko kamatukusira ndi kusupuka. Mchere umene wasowa njira umaumira m'kati mwa mwala, ndipo pouma umakankha timchenga, mpaka pamwamba pa mwala pamayamba kufumbutuka. Dzuwa lathu nalonso limawotcha vanishi n'kumusandutsa wachikasu. Kuchotsa vanishi amene walowerera m'mwala wokhakhala ndi ntchito yowawa ndiponso yodula kuposa kupaka kuja. Amayi a ku Chikwawa ndi Nsanje, kumene madzi a m'zitsime zina ndi amchere, vutoli likukukhudzani kwambiri.

Vuto lachiwiri ndi kuterera. Mwala wa mchenga ndi wokhakhala mwachibadwa, ndipo phazi limaugwira bwino ngakhale utanyowa. Umenewu ndi ubwino wake waukulu. Mukaukuta ndi vanishi kapena polishi mwachotsa ubwinowo. Mvula ikawaza pakhonde, kapena mwana akataya madzi, pamakhala poterera ngati pa therere. Mwana akagwa amalira n'kudzuka, koma agogo akagwa amatha kuthyoka fupa la m'chiuno, ndipo okalamba ambiri akathyoka fupa limeneli sayendanso ngati kale. Ganiziraninso za mayi woyembekezera, kapena inu nomwe mutasenza ndowa pamutu. Polishi msiyeni akhale wa simenti ya pabalaza. Pamiyala ya panja pofika mvula asafikepo.

Malangizo a kunja tiziwasefa

Ena a inu muli ndi ana kapena abale ku Britain, kumene makonde a mwala wa mchenga wochokera ku India ndi ofala. Kumeneko nkhani ya kupaka sila imakambidwa kwambiri pa zifukwa zawo. Nyengo yozizira madzi amaundana m'timipata ta mwala, ndipo madzi akaundana amafufuma ndi magawo pafupifupi 9 pa 100 alionse, zimene zimang'amba mwala pang'onopang'ono. Kuwonjezera apo, dzuwa ndi lochepa, choncho miyala imakhala yonyowa miyezi yambiri ndipo ndere zimamera msanga.

Kuno madzi saundana m'miyala, kupatula mwina pamwamba pa mapiri monga ku Nyika. Ndipo kuyambira Meyi mpaka Okotobala madera ambiri amakhala ouma, moti ndere za m'dzinja zimafa zokha. Chotero chifukwa chachikulu chimene anzathu amapakira mankhwala ife sichitikhudza. Adani a khonde lathu ndi ena: mafuta ophikira, makala ndi phulusa la mbaula, dothi lofiira la katondo, zitosi za nkhuku, mango akugwa okha, ndi ndere kumadera a mvula yambiri.

Ndiye ndani apake, ndani asapake?

Kupaka mankhwala olowa m'kati kungakuthandizeni ngati mwala wanu ndi womwa kwambiri, ndi wotuwa kapena woyererako moti banga lililonse limaonekera, ndipo pakhondepo ndi pamene mumaphikira, kukazinga mandasi kapena kudyera. Kungathandizenso ngati mumakhala kumadera achinyezi monga Mulanje, Thyolo ndi Nkhata Bay, kapena khonde lili pamthunzi wa mitengo pamene ndere zimabwerera chaka ndi chaka. Komabe musayembekezere zozizwitsa. Mankhwala amangochedwetsa mafuta kulowa kuti mupeze mpata wopukuta, ndipo amafewetsa ntchito yotsuka. Kusesa ndi kukolopa kumakhalapobe.

Musapake ngati mwala wanu sumwa madzi, ngati ndi wakuda kapena wamawangamawanga moti mabanga saoneka, kapena ngati khonde lili padzuwa ndipo limauma msanga mvula ikakata. Musapakenso, ngakhale mankhwala olowa m'kati, ngati miyala imakhala yonyowa kuchokera pansi kapena ikutulutsabe ufa woyera uja. Pamenepo vuto ndi madzi, ndipo mankhwala angobisa matenda.

Kumbukiraninso kuti kupaka si kwa kamodzi. Dzuwa, mvula ndi mapazi zimawatha mankhwalawa, ndipo pakatha zaka zingapo, kawirikawiri 2 mpaka 5, muyenera kubwereza. Werengerani mtengo wa zaka zonsezo, osati wa chitini choyamba chokha. Ngati ndalama ikuchepa, mukhoza kupaka malo okhawo amene mumaikapo mbaula ndi tebulo, kapena kungoyalapo lata lakale pophika. Mfundo zomwezi zigwiritseni ntchito pamene gulu lanu likukambirana zokonza khonde la holo kapena masitepe amene anthu ambiri, kuphatikizapo okalamba, amapondapo.

Yambani ndi kuthamangitsa madzi

Ndalama imene ikanagula sila nthawi zambiri imagwira ntchito yaikulu ikalowa pokonza njira ya madzi. Khonde lizipendekera kunja, kutalikira khoma la nyumba, ndi masentimita 1.5 mpaka 2 pa mita iliyonse. Ndiye kuti khonde la mamita 3 m'lifupi litsike ndi masentimita 5 kapena 6 kumapeto kwake. Ngati mmisiri sadayambe ntchito, muuzeni zimenezi ndipo muone ndi maso anu akuika levulo. Akamaliza, thirani ndowa ya madzi muone kumene akulowera. Madzi odikha pakhonde ndi amene amabala ndere, ndipo chithaphwi chokhalitsa m'mbali mwake ndi moswanirana udzudzu wa malungo.

Onaninso madzi a padenga. Ngati malata akuthira pamiyala penipeni, ikani gatala kapena kumbani kangalande. Pamene simenti ya pakati pa miyala yang'ambika, matani msanga, chifukwa madzi ambiri amalowera m'ming'alu kuposa m'mwala. Sadzirani nthambi zimene zikutchinga dzuwa. Miphika ya maluwa muziisuntha, ndipo zitini ndi mipando yachitsulo musazisiye pamwala wonyowa, pakuti banga la dzimbiri ndi lovuta kuchotsa.

Katsukidwe koyenera

Kaya mwapaka kaya simunapake, chisamaliro cha tsiku ndi tsiku n'chimodzi. Sesani kawirikawiri, makamaka masamba ndi zipatso zisanaole. Tsukani ndi madzi, sopo pang'ono ndi bulashi yolimba ya pulasitiki kapena tsache. Bulashi yawaya imasiya tizitsulo timene timachita dzimbiri.

Mafuta akatayika, musawafalitse ndi nsanza yonyowa. Thiranipo msanga ufa, gaga kapena phulusa lozizira kuti limwe mafutawo, musiye kwa maola angapo, musese, ndipo kenaka mutsuke ndi madzi ofunda a sopo. Banga lakale limafuna phala la soda ndi madzi pang'ono: matani pabangapo, phimbani ndi pepala la pulasitiki usiku wonse, ndipo mubwereze kangapo.

Pa ndere, sakanizani kapu imodzi ya Jik ndi makapu 5 a madzi, thirani pamalopo, dikirani mphindi 15, kwechani, ndipo tsukuluzani ndi madzi ambiri. Yambani mwayesa pakona yobisika, ndipo madziwo asalowe m'dimba la ndiwo. Chenjezo lalikulu ndi ili: musasakanize Jik ndi viniga, mandimu, mankhwala otsukira chimbudzi kapena asidi aliyense. Zikakumana zimatulutsa mpweya wa poizoni umene umawotcha maso ndi mapapo.

Amisiri ena amakonda kutsuka simenti yotsalira pamiyala ndi asidi wamphamvu. Pa mwala wa mchenga musalole. Asidi amadya laimu wa m'mwala, ndipo amadzutsa chitsulo chija n'kusiya mabanga a dzimbiri amene sachokanso.

Ngati mwasankha kupaka

Nthawi yabwino ndi pakati pa Ogasiti ndi Okotobala, nthaka itauma ndipo mvula isanayambe. Kumadera a chiperoni dikirani mpaka mawawa atatheratu. Khonde latsopano lisiyeni miyezi ingapo, makamaka lidutse dzinja limodzi, kuti simenti iume ndipo mchere utuluke. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsukani bwino, chifukwa banga limene mwalikuta ndi mankhwala lakhazikika. Mukatsuka dikirani masiku 2 kapena 3 a dzuwa. Kuti mutsimikize kuti mwala wauma, yalani pepala la pulasitiki pamalo amodzi, tsinjizani m'mbali mwake ndi njerwa, ndipo mulisiye usiku wonse. M'mawa mukapeza thukuta kunsi kwa pepalalo, chinyontho chikadalipo ndipo musapake.

Yesani kaye pa mwala umodzi wapakona ndipo mudikire tsiku lathunthu kuti muone ngati mtundu wasintha. Pakani madzulo dzuwa litapendeka, kapena m'mawa mame atauma. Mwala wotentha ndi dzuwa la masana umaumitsa mankhwala asanalowe. Pakani mopyapyala ndi bulashi kapena rola, ndipo otsala pamwamba amene mwala wakana kumwa muwapukute ndi nsanza youma asanaume, apo ayi amasiya mabanga omata. Kuchuluka kwa mankhwala kumatengera mwala: womwa kwambiri umatha ochuluka. Yezani khonde lanu, m'litali kuchulukitsa ndi m'lifupi, ndipo mufananize ndi zimene zalembedwa pachitini musanagule.

Ambiri mwa mankhwalawa ali ndi fungo lamphamvu ndipo ena amayaka ngati petulo. Mbaula, kandulo ndi fodya zikhale kutali. Valani magolovesi, tsekani mawindo oyang'ana pakhonde, ndipo ana, amayi oyembekezera ndi odwala mphumu asakhale pafupi mpaka fungo litatha. Ngati alipo osungunulira m'madzi, sankhani amenewo chifukwa fungo lake ndi lochepa. Otsala musawathire m'botolo la zakumwa, pakuti mwana angamwe. Chitini chikatha chibooleni kuti wina asachitenge n'kumatungira madzi kapena kusungiramo mchere.

Fumbi la mwalawu ndi loopsa kuposa banga

Pali mbali ina imene ogulitsa miyala sakonda kuitchula. Mwala wa mchenga uli ndi silika wochuluka, magawo 70 mpaka 90 pa 100 alionse. Pamene mwala uli chikhalire pakhonde palibe choopsa. Koma mmisiri akamaudula ndi galainda wouma, fumbi loyera lija limakhala ndi tinthu tating'ono kwambiri timene timalowa mpaka pansi pa mapapo n'kusiya zipsera. Matenda ake amatchedwa silicosis. Amayamba mwakachetechete, patapita zaka munthu amayamba kubanika ndi kutsokomola, ndipo alibe mankhwala ochiza. Munthu amene ali nawo amagwidwanso msanga ndi chifuwa chachikulu cha TB. Ndi matenda omwewa amene adavutitsa abambo ambiri amene adapita ku migodi ya golide ku Joni pa nthawi ya Wenela ndi Theba, ndiponso akuvutitsa anthu osema miyala ku Rajasthan m'dziko la India.

Choncho ntchito ikamachitika pakhomo panu, limbikirani kuti mwala uzinyowetsedwa podula, mosamala kuti madzi asakhudze waya wa magetsi. Mmisiri avale chotchinga mphuno chenicheni cha fumbi, pakuti kansalu sikakwanira. Ana asaonerere pafupi, zakudya ndi madzi zivundikiridwe, ndipo fumbi lotsala muliwaze madzi musanasese. Musalole kuti khonde lipalidwe ndi galainda pofuna kuchotsa vanishi wakale popanda chitetezo chimenechi. Ngati mwamuna wanu, mwana wanu kapena mnansi amaphwanya kapena kudula miyala ndipo wakhala akutsokomola kwa masabata awiri, mulimbikitseni apite kuchipatala akayezetse makhololo, ndipo akawauze adokotala ntchito imene amagwira.

Pomaliza

Mmisiri akadzanenanso za sila, mufunseni mafunso atatu: Kodi mwalawu ukumwa madzi? Kodi mankhwalawo ndi olowa m'kati kapena okuta pamwamba? Nanga madzi a mvula akulowera kuti? Akayankha bwino ndipo khonde lanu ndi lophikirapo kapena lachinyezi, gulani olowa m'kati ndipo mupake m'chilimwe. Ngati khonde limauma bwino ndipo mabanga sakukusowetsani mtendere, lisiyeni choncho. Mwala udzadera pang'ono ndi zaka monga umachitira m'phiri, agogo adzayendapo osaopa kugwa, ndipo ndalama ija idzagula feteleza.